Katoni ya Lachisanu

"Khosi langa si ngolo, bambo a Wezi. Katoni imeneyi lero munyamula nokha."

Ellen ananena izi ataima pakhomo, manja m'chiuno, akuyang'ana katoni yomatidwa ndi selotepi mbali zonse imene mwamuna wake anaikhazika pakati pa khonde. Jairos Mhone sanadzutse n'komwe mutu. Anali pampando wake pansi pa mtengo wa mango, mwendo pamwamba pa unzake, chala chikuyendayenda pa foni.

"Galimoto imanyamuka leveni koloko," anatero Jairos. "Ukamachedwa ndi zolongolola uipeza itapita."

"Ndiye nyamukani. Miyendo muli nayo iwiri ngati ine."

"Iwe, ine ndine mkulu wa mpingo. Anthu andione ndasenza katoni pamsewu ngati waganyu? Bizinesi ya masiku ano ndi ya mutu. Ine ndimagwira ntchito ndi mutu."

"Nanenso ndimagwira ndi mutu. Taonani pamene tsitsi lathothoka apa."

Bizinesi yake inali yogulitsa zinthu pa intaneti. Jairos ankajambula katundu ndi foni, n'kuika chithunzi pa Fesibuku. Wogula wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ankalipira pa foni pomwepo, ndipo wogulitsa ankayenera kukasiya katunduyo pa shopu ya a Lloyd ku Chintheche, pamene galimoto ya kampani yonyamula katundu inkaima Lachiwiri ndi Lachisanu. Kuchokera kwawo, kufupi ndi Bandawe, unali ulendo wa ola lathunthu wapansi. Mbali yojambula inali ya Jairos. Mbali ya ola lathunthu inali ya Ellen.

"Komanso ndifunse," anatero Ellen. "Muli chiyani umu? Mpunga wa ku Limphasa ndimaudziwa kulemera kwake. Usipa ndimaumva fungo. Makatoni a masabata atatu anowa sanunkha kanthu, ndipo amalemera mbali imodzi."

"Ndi zamalonda. Usayerekeze kutsegula. Wogula akaona selotepi yodulidwa amabweza katundu."

Ellen analongolola mpaka kukhosi kunauma, koma mapeto ake anapinda nkhata n'kusenza, monga ankachitira nthawi zonse. Ellen anali wa ku Dowa. Zaka khumi ndi zisanu pabanja zinamuphunzitsa Chitonga ndi kunyika chinangwa, koma sizinamupatse mchimwene woti angathawireko kutacha.

Anafika pa shopu thukuta litanyowetsa bulauzi yonse. A Lloyd, bambo wa ku Ntcheu wosathamangira kulankhula, anamuthandiza kutula katoniyo pa kauntala. Kenako anatulutsa mpeni.

"Musadule!" anatero Ellen. "Eni ake akana."

"Lamulo latsopano, mayi. Sabata yatha apolisi apeza chamba m'katoni yolembedwa kuti ndi usipa. Sinachokere pano, koma akampani ati katoni iliyonse tizitsegula, ndipo wobweretsa azilemba nambala ya chiphaso chake pambali pa dzina."

Mpeni unayenda. Pamwamba panali suti yotuwa, yopindidwa bwinobwino. Pansi pake panali nsapato zofiirira zosongoka kutsogolo, ndi sipika yaikulu ya nyimbo yokulungidwa m'thaulo.

Suti imeneyo aliyense wa ku Bandawe ankaidziwa. Inali ya Fiskani, mng'ono wake wa Jairos, amene anagwira ntchito ku Joni zaka zisanu ndi zitatu, n'kubwera kudzamwalira mwadzidzidzi miyezi iwiri yapitayo. Maliro atangotha, Jairos anatuta katundu yense wa m'nyumba ya malemuyo n'kukamutsekera m'chipinda chakumbuyo kwawo. Anauza mkazi wamasiye, Temwa, kuti akusunga kuopa akuba mpaka banja lidzakhale pansi. Kiyi wa chipindacho ankayenda naye pa lamba. Kunena zoona, Ellen anali atayamba kale kukayikira, koma kukayikira kwa mumtima n'kosavuta kukwirira bola katoni ili yomata.

Mayi wina amene ankasankha sopo anasuzumira, anagwira pakamwa, n'kutuluka osagula kanthu.

"Mulemba, kapena mubwerera nayo?" anafunsa a Lloyd motsitsa mawu.

Ellen anaganiza za msewu wonse uja, iye atasenza katoni yotseguka, nsapato za malemu zikuonekera. Anatenga cholembera n'kulemba. Pamene ankalemba anaona dzina lake likutsika m'buku la otumiza katundu mzere ndi mzere. La Jairos munalibemo ngakhale kamodzi.

"Tsamba la pa Fesibuku la abambo akunyumba munalionapo?" anafunsa a Lloyd. Ellen anapukusa mutu. Foni yake inali yamabatani. A Lloyd anamuonetsa yawo. Panali zithunzi za batire ya sola, mabulangete, ayironi, zonse zolembedwa kuti zagulidwa. Chomaliza chinali makina osokera a Temwa, ojambulidwa pamphasa ya Ellen yemwe. Pansi pake panalembedwa kuti: Makina abwinobwino, mwini wake wasamuka.

Atafika kunyumba anapeza Jairos ali pomwe anamusiya, kungoti mpando anali atausunthira kumene mthunzi unapita.

"Mwagulitsa suti ya m'bale wanu."

Jairos anamuyang'ana pang'ono chabe. "Watsegula?"

"Atsegula a Lloyd, anthu akuona. Munthu sanathe miyezi itatu m'manda, inu mwayamba kale kumuvula?"

"Tsitsa mawu. Fiskani ndinamulera ine. Katundu amene uja ndi wa kwa Mhone. Mkazi uja ndi mwana, chaka chamawa akwatiwa. Ukufuna thukuta la mng'ono wanga likadyedwe ndi mwamuna wina?"

"Nanga ana ake awiri aja?"

"Ana ndi a kwa Mhone. Ndiwaona ine."

"Munawaonapo liti? Kelvin akuyenda chala chili kunja kwa nsapato. Ndipo makina aja si a Fiskani. Anagulira mkazi wake kuti azisoka. Mwalemba kuti mwini wake wasamuka. Wasamukira kuti, poti dzulo lomweli anali pano kudzawapempha?"

Temwa anabweradi dzulo lake. Anagwada pafupi ndi mpando uja n'kunena kuti sukulu zatsala pang'ono kutsegulira, makolo akumufunsa za mayunifolomu. Jairos anamuyankha mofatsa ngati ali paguwa, kuti mlamu apirire, zinthu za maliro sizifuna phuma. Anachita kumupempherera.

"Ndikukauza azakhali anu," anatero Ellen.

Apa Jairos anaika foni pamwendo n'kumwetulira. Kunali kumwetulira kumene Ellen sanakuiwalenso.

"Kawauze. Ndipo akafunsa kuti katundu amatuluka bwanji pakhomo pano, anthu anena kuti amaona ndani pamsewu? M'buku la ku shopu muli dzina la ndani? Ine katoni sindinaikhudzepo kunja kwa mpanda uno. Uganize bwino, mayi wa ku Dowa."

Masiku onsewa Ellen ankaganiza kuti mwamuna wake ndi waulesi chabe. Anamuyang'ana bwinobwino: malaya oyera ochapa iye, nsapato zopolisha iye, mimba yodyetsa iye. Mkwiyo unamuthera. Chimene chinatsala chinali chonga chija chimabwera munthu akavundukula m'phika n'kupeza muli mphemvu.

Nkhani inayenda msanga kuposa galimoto ya Lachisanu. Sabata yotsatira, Ellen atapita kudambo kumene amayi amanyika chinangwa, macheza anaduka ngati wina wazimitsa wailesi. Moni wake anayankha mayi mmodzi yekha, nayenso akuyang'ana m'madzi. Lamulungu kutchalitchi benchi imene anakhala inatsala ndi mpata mbali zonse ziwiri, pamene Jairos anali kutsogolo, akuwerenga zolengeza ndi mawu ake onenepa aja, n'kupempha mpingo kuti uzikumbukira amasiye.

Lachitatu anakumana ndi Temwa kudambo komweko, awiriwiri. Temwa anali ataonda, duku lakuda lili kumutu. Anatula dengu lake n'kuima pakati pa njira.

"Amake Wezi, ine ndimati ndinu mkulu wanga. Pamaliro munandigwira dzanja usiku wonse. Kani munkayeza ndi maso zimene mudzasenze?"

"Amake Kelvin, ndimvereni."

"Ndimve chiyani? Mnzanga wa ku Mzuzu wanditumizira chithunzi cha makina anga ali pamphasa yanu. Yanu, ya mkombero wofiira ija. Alamu akuti iwo sakudziwapo kanthu, akuti mwina foni yawo mumaitenga iwo akagona."

Ellen anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Atero? Ine amene sinditha n'kuitsegula komwe?"

"Ine sindikudziwa. Chimene anthu aona ndi mutu wanu pansi pa katoni."

"Aona zoona. Ndinasenza ndine, sindikana. Yomaliza ija ndinalemba dzina nditaona kale zimene zinalimo, ndipo manyazi ake sandigonetsa tulo. Koma makina anu akadali m'chipinda. Agulidwa ndi mayi wina wa ku Mzuzu, mkazi wa msilikali, ndipo akuimba foni kangapo pa tsiku. Anyamuka Lachisanu. Mubwere pa shopu ya a Lloyd isanakwane leveni, ndipo mubwere ndi azakhali."

"Kuti tidzakuonereni mukutula?"

"Mudzaona amene atule."

Temwa anasenza dengu lake n'kudutsa osatsanzika.

Lachisanu m'mawa katoni inali kale pakhonde, yaikulu kuposa zonse, yomangidwa ndi chingwe pamwamba pa selotepi.

"Lero upite msanga," anatero Jairos. "Ukamuuze Lloyd kuti asadule, muli zosweka."

"Sindipita nayo."

"Wayambanso?"

"Sindinayambenso, ndamaliza. Mwagulitsa nokha, kaperekeni nokha."

Jairos anadzuka pampando, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri dzuwa lisanafike pamutu. Anafika pafupi n'kukweza dzanja. Ellen sanasunthe.

"Menyani. Kuchipatala salandira wovulala wopanda kalata ya kupolisi, ndipo kupolisi andifunsa chimene tayambanirana. Ndikafotokoza bwinobwino, kuyambira pa batire."

Dzanja lija linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsikira kukakanda kumutu. Foni inalira m'thumba. Jairos anaiyang'ana n'kuyankha ndi mawu ena, ofewa ngati a mwana wopempha: "Ee, madamu, lero lomwe lino, madamu. Musalembe zimenezo pagulu, chonde. Ine si wakuba, ndine mkulu wa mpingo."

Ellen anamanga chitenje n'kutuluka pa mpanda. Anamva akumuitana, poyamba mokalipa, kenako monyengerera, koma sanacheuke. Anayenda msewu wa ku Chintheche mutu uli wopepuka, manja akusowa chogwira.

Pabenchi ya pakhonde la shopu anapeza Temwa atakhala ndi a NyaMhone, azakhali ake a Jairos, mayi wokalamba wowongoka msana amene anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu. Anali mu yunifolomu ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, chifukwa ankachokera kokaona wodwala, ndipo amayi ena atatu a bungwelo anali nawo. Ellen anapereka moni atagwada. A NyaMhone anayankha mwachidule. Palibe anamusunthira malo, choncho anaima pakona pafupi ndi makireti.

Nthawi inayenda. Galimoto ya kampani inafika, dalaivala n'kuyamba kulongedza makatoni ena. Ellen anayamba kuopa kuti mwina Jairos wasintha maganizo, ndipo iye atsala wabodza pamaso pa onsewa. Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti leveni ikwane, njinga yamoto ya kabaza inaima kutsidya kwa msewu. Kumbuyo kunali Jairos, chipewa atachitsitsira kumaso, katoni ataikumbatira pamiyendo. Sanaone amene anali pakhonde chifukwa galimoto inawatchinga. Anatsika n'kukaima kuseri kwa mtengo, n'kutuma wakabaza kuti akatule.

Wakabaza anaika katoni pa kauntala.

"Chiphaso chanu, achimwene," anatero a Lloyd.

"Changa? Ayi, bwana. Ine katoni ya munthu sindisainira, za chamba zija tinazimva. Eni ake ndi awo ali kuseri kwa mtengowo." Anatulukira pakhomo n'kukuwa msika wonse ukumva: "Ada Mhone! Akuti mubwere mudzalembe nokha!"

Jairos anawoloka msewu ngati munthu wopita kokachotsa dzino. Atazungulira galimoto anakumana maso ndi azakhali ake. Anaima. Anavula chipewa, anachivalanso, anachivulanso.

"Lowa, mwana wa mchimwene wanga," anatero a NyaMhone. "Galimoto ingakusiye."

A Lloyd anadula chingwe ndi selotepi. Mutu wa makina osokera unatulukira, wakuda, wokulungidwa m'chitenje. Temwa anaimirira, anayala dzanja pamwamba pake. Pambali pa gudumu panali zilembo zimene mwamuna wake anazokota ndi msomali: T. Mhone.

"Ndimapita nawo kokakonzetsa ku Mzuzu," anatero Jairos. "Ndimafuna ndiwadabwitse alamu. Makinawa amadumpha ulusi."

"Sanadumphepo ulusi chigulireni," anatero Temwa.

"A Lloyd," anatero a NyaMhone, "maso anga atha. Tandiwerengereni zimene zalembedwa pa foni zija."

A Lloyd anawerenga mosathamanga, mawu amodzimodzi: "Makina abwinobwino, mwini wake wasamuka."

"Wasamuka ndani, Jairos? Uyu waima apayu, kapena uja tinakamusiya kumanda?"

Anthu anali atadzaza pakhomo: ogulitsa tomato, akabaza, ngakhale dalaivala anasiya kulongedza. Jairos anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa Ellen pakona paja. Nkhope yake inawala ngati wapeza potulukira.

"Azakhali, zonsezi ndi mkazi uyu! Ine ndimangofuna kumubisira manyazi. Taonani m'buku umo, muone dzina limene lilimo. Anthu a kwawoko ndi okonda ndalama."

Ellen anatuluka pakona paja.

"Dzina ndi langa. Makatoni asanu ndi imodzi ndinasenza ndine, ndipo yomaliza ndinkadziwa zimene zinalimo. Zimenezo ndiyankha ndekha. Koma chipinda chimene munali katunduyu chili ndi kiyi mmodzi. Afunseni ali kuti."

Maso onse anatsikira pa lamba wa Jairos. Kiyi anali pomwepo, akulendewera pambali pa mimba. Wina pakhomo anaseka, ena n'kulandira. Jairos anamuphimba ndi dzanja ngati kuti angabisike.

A NyaMhone anatambasula chikhatho. Jairos analimbana ndi kangowe ka pa lamba nthawi yaitali, zala zikuterereka, mpaka anamasula n'kuika kiyiyo m'dzanja la azakhali ake.

"Mawa banja likhala pansi kwa ine," anatero mayiyo. "Abusa ndiwauza ndekha, usavutike. Lamulungu zolengeza awerenga wina."

Amayi a Umanyano anathandiza Temwa kusenza makina. Podutsa pafupi ndi Ellen, Temwa anaima pang'ono. Ellen anayembekeza mawu, abwino kaya oipa. Temwa anangomuyang'ana, n'kukonza nkhata ndi dzanja limodzi, n'kupitirira. A NyaMhone ndi amene analankhula, motsitsa kuti ena asamve.

"Wanena zoona, mkamwana. Koma ukanabwera kunyumba kwanga tsiku loyamba lomwe lija, zambiri zikanapulumuka. Ndipo usayembekeze kuti a kwa Mhone akuthokoza. Wawavulira mwana wawo pamsika."

"Yewo, ama," anatero Ellen.

Galimoto inanyamuka. Wakabaza anali atapeza kale munthu wina, choncho Jairos anabwerera wapansi. Ellen anali patsogolo, iye pambuyo, dzuwa lili pamutu. Nyumba zitayamba kutalikirana, mawu onenepa aja a Jairos anabwerera.

"Wandipha, iwe. Wasangalala? Ukafika ulongedze. Mawa ndisakuone pakhomo panga. Upite kwanu ku Dowa ukadye fodya."

"Chabwino."

"Ndipo Wezi sutenga. Ndi wa kwa Mhone."

"Wezi ali Folomu 3. Akatsekera adziwa yekha kokwera basi."

Ellen sankadziwa ngati mawa lidzamupeza ku Bandawe kapena pa depoti. Ankadziwa kuti kumsonkhano wa banja ena adzamutcha mlendo wopasula mudzi, ndiponso kuti kudambo moni wake udzatenga nthawi kuti uyankhidwenso. Zonsezo anazisiya kaye. Kumbuyo kwake kunkamveka kupuma kwa wefuwefu. Nsapato zopolisha zija sizinazolowere msewu umenewu.

Foni inayamba kulira. Inalira mpaka kuduka, n'kuyambanso. Ellen anamva mapazi akuthamangira, kenako Jairos anali pambali pake, thukuta likutsika m'khosi, foni ataitambasulira kwa iye.

"Ndi mayi wa ku Mzuzu uja. Akuti mwamuna wake abwera ndi anzake." Anamuyandikizira foniyo. "Amake Wezi, tayankha iwe. Akazi okhaokha mumamvana. Umuuze kuti ndagonekedwa m'chipatala."

Ellen anayang'ana foniyo, anayang'ana mwini wake kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Kenako anapinda manja kumbuyo n'kupitiriza ulendo. Jairos anamutsatira chotambasula dzanja, ndipo foni inalira msewu wonse mpaka pamphambano ya ku Bandawe.